Asilikali a M'thumba la Malaya

Ndinachoka ku Navutika ndi makwacha mazana atatu,
Tisiyenji atandiwerengera kawiri pakhomo:
"Malata awiri a pakhitchini. Osati zina."
Njinga inakhota yokha pa msewu wa kuchionetsero,
ine changa kunali kupalasa basi.

Mu holo ya kuseri kwa makola a mbuzi
ayala matebulo asanu,
pa lililonse dziko lathunthu:
mapiri a makatoni, mtsinje wa pepala labuluu,
mitengo ya siponji yoviika mu penti.
Amuna andevu zawo awerama ndi tepi ya telala,
akuyeza pamene mkondo ungagwere.

Gelevazio wa ku Katete ali pakona.
Ake sabwera pa basi ya ku Lusaka m'mapulasitiki;
amaumba ndi dothi la pachulu,
mafupa ake ndi waya wa m'tayala lopsa.
Wamtali kuposa onse
salingana ndi chala changa chachikulu.
Uyu chishango chake n'chachikopa chenicheni,
akuti anacheka pa lamba wa amalume ake.
Uyo wathyoka mphuno, watsika mtengo.

"Khumi ndi awiri, tsitsako mwanawe."
"Amdala, mukufuna ndibwerere wapansi?"
Tinakokana mpaka anaseka,
n'kuwakulunga mmodzimmodzi mu nyuzipepala
ngati mazira.

Lata loyamba linathera pomwepo.
Lachiwiri linapita pang'onopang'ono:
tibotolo ta penti tonga ta mankhwala a m'maso,
kofiira, kakuda, koyera, ndi kena ka mtundu wa fumbi;
guluu wonunkha mpaka m'mutu;
kaburashi ka tsitsi loti ungawerenge;
madayisi anayi, limodzi lobenthuka.

Pa tebulo la pakati nkhondo inali itakolera.
Kamnyamata ka yunifolomu kanaponya dayisi,
atatu n'kugwa chafufumimba pafupi ndi mtsinje.
Mwiniwake anatambasula dzanja,
kuwatola, kuwauzira fumbi,
kuwagoneka pa thonje m'kabokosi ka sopo.
"Mawa adzamenyanso," anatero.

Ndinaima pamenepo nthawi yaitali.

Kwathu ku Chadiza, ndili giredi folo,
nkhondo ya tsidya lija inadumpha malire usiku.
Inatenga mbuzi, mchere, wailesi,
ndi mkulu wanga Yelesani
kuti asenze thumba la chimanga chathu chomwe.
Ndinamuona msana wokha,
manja onse awiri ali m'mwamba kugwira thumba.
Palibe anayeza ndi tepi.
Palibe dzanja linatsika kudzamutola.

Ndinabwerera pakona paja.
"Ulibe wina wopanda mkondo?"
Gelevazio anafufuza pansi pa katoni,
m'kati mwa miyendo yoduka ndi zishango zosamata,
n'kutulutsa kamunthu kosapenta,
manja pamutu, kamtolo pamwamba.
"Wamtengatenga uyu. Sagulidwa.
Pa masewera alibe mphamvu, amangotsatira.
Tengani ulele."
Ndinakana. Ndinalipira ngati wa chishango.
Uyu sindinalole kuti amukulunge;
analowa m'thumba la malaya.

Pofika kunyumba mitambo inali itaunjikana ku Kanjala.
Ndinaika makwacha khumi ndi asanu pa tebulo,
kenako nyuzipepala zija, chimodzichimodzi.
Tisiyenji anayang'ana chenje,
anayang'ana denga la khitchini,
anapita kukatchera beseni podontha
mosalankhula, beseni lokha ndilo linalankhula.

Atabwerako anapeza ndawandandalika,
khumi ndi awiri kutsogolo,
mmodzi yekha kumbuyo ndi mtolo wake.
Anamunyamula, kumutembenuza, kumuona msana.
Nkhaniyo amaidziwa; ndinamuuza kamodzi
tisanakwatirane.

"Anavala malaya otani?"
"Achikasu."
"Nanga penti wachikasu ali kuti?"

Ndinali nditaiwala.
Anakankhira chenje chija kwa ine,
n'kusendeza nyali pafupi.